Chenjezo likagona pa desiki ku Mzimba, mlandu ndi wa yani?

Mlimi wa ku Embangweni kapena ku Champhira amadzala chimanga potengera zomwe a nthambi yoona zanyengo alengeza pa wailesi, ndipo banja lomwe linamanga m'mphepete mwa mtsinje wa South Rukuru limasamuka kapena kukhala malinga ndi mawu ochokera ku khonsolo ya M'mbelwa. Nanga mawuwo akasocheretsa anthu, ayankhe ndani? Ku Italy funsoli linafika kukhoti. Chivomezi chitapha anthu oposa 300 mumzinda wa L'Aquila pa 6 Epulo 2009, akatswiri 6 pamodzi ndi mkulu wina wa boma, Bernardo De Bernardinis, anagamulidwa mu 2012 kuti akakhale kundende zaka 6. Mu 2014 khoti la apilo linamasula akatswiriwo, koma De Bernardinis anatsala ndi chilango cha zaka 2 chifukwa anali atauza anthu pa kanema kuti palibe choopsa. Chigamulo chachiwirichi ndicho chanzeru. Palibe katswiri angatchule tsiku la chivomezi, ndipo kumanga wa zanyengo chifukwa mvula yasemphana ndi ulosi n'kumutseka pakamwa chabe. Koma mkulu amene walandira chenjezo la mvula yamkuntho n'kulisiya pa desiki, osalifikitsa m'Chitumbuka kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, kapena amene watonthoza anthu popanda umboni, ameneyo ayenera kuimbidwa mlandu. Poti lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 linalowa m'malo mwa la 1991, khonsolo iyambe kulemba m'buku ola lomwe chenjezo lafika pa Boma ndi ola lomwe lafika ku Jenda, Edingeni ndi Luwerezi.