Pulogalamu ikafika chimanjamanja

Ambirife timalandira mapulogalamu a pafoni kwa anzathu kudzera pa Xender, pofuna kupulumutsa bandulo. Koma nthawi zina gemu yomwe mwapatsidwa ikangotseguka imayamba kupempha intaneti. Foni yanu ilibe vuto. Nkhani ili pa chisankho cha wolemba pulogalamuyo: kodi zithunzi, nyimbo, mapu ndi mabuku azisokerere mkati, kapena azisiye padera kuti mudzazikoke pambuyo pake?

Akaziika mkati, pulogalamu imagwira ntchito ngakhale kumudzi komwe netiweki mumakaisaka pachulu. Palibe fayilo yosowa, palibenso yoti mwana aifufute posewera ndi foni. Vuto lake ndi kulemera. Kuyambira 2015 Google Play inkalola fayilo ya APK kufika 100MB basi, ndipo zotsalazo zinkapita m'mafayilo apadera a OBB, awiri, iliyonse mpaka 2GB. Amenewa ndi omwe amatsalira mnzanu akakutumizirani gemu. Kuyambira Ogasiti 2021, mapulogalamu atsopano amaperekedwa ngati Android App Bundle, ndipo foni imalandira chilankhulo ndi zithunzi zoyenera iyo yokha. Izi zimathandiza itel yodzaza kale ndi mavidiyo a pa WhatsApp, koma pulogalamu imakhala zidutswazidutswa, ndiye kupatsana kumavutirapo.

Pali zinthu zomwe n'kulakwa kuzisokerera mkati, makamaka zomwe zimasinthasintha. Taonani ndandanda yomwe imauza foni nthawi ya dziko lililonse. Mu 2017 Namibia inasiya kubweza wotchi ndi ola limodzi m'nyengo yozizira, n'kukhazikika pa nthawi yofanana ndi yathu. Foni yotsala ndi ndandanda yakale ikanamchedwetsa mwini wake kuntchito. N'chifukwa chake kuyambira Android 10 ndandandayi imatha kukonzedwa payokha, osadikira kuti kampani yopanga foni ikumbukire makasitomala ake.

Achinyamata athu omwe akulemba mapulogalamu a ulimi ndi a sukulu amandidandaulitsa akamatengera kapangidwe ka kumayiko komwe WiFi ili m'nyumba iliyonse. Mawu olembedwa salemera. Baibulo lonse silikwana 10MB. Nanga bwanji malangizo othana ndi mbozi m'chimanga azidikira netiweki, mlimi ali m'munda? Amenewo alowe mkati. Mavidiyo ndi mitengo ya pamsika zikhale padera, ndipo munthu azimuuziratu kuti zidya ma MB angati asanadine.