Dzina la Magazini Silokwanira Kukhala Umboni

Mu Juni 2014 magazini ya akatswiri a sayansi ya ku America, yotchedwa PNAS, idasindikiza kafukufuku amene adautsa mapiri pachigwa. Adam Kramer wa ku Facebook, pamodzi ndi anzake aŵiri, adafotokoza m'mene kampaniyo idasinthira mwakachetechete nkhani zofika kwa anthu 689,003 kwa sabata imodzi mu Januwale 2012. Kwa ena idachepetsa nkhani zokondweretsa, kwa ena zomvetsa chisoni. Ganizo lotsogolera kafukufukuyo lidali lakuti chimwemwe ndi chisoni zimapatsirana monga chimfine, ngakhale anthu asaonane maso ndi maso. Olembawo adati apeza umboni wake.

Wophunzira amene wangotsiriza kumene sukulu ya sekondale akaona dzina la magazini yotchuka chotere, amangovomera. Apatu ndi pamene pagona vuto. Kusiyana kumene adakupeza kudali kwa liwu pafupifupi limodzi pa mawu 1,000 alionse. Komanso palibe munthu amene adafunsidwa za mumtima mwake. Kompyuta idangoŵerenga mawu achimwemwe ndi achisoni m'zolemba zawo. Choŵerengera chotere chikhoza kumuika pa gulu la okondwa munthu amene walemba kuti sali wokondwa, popeza liwu la kukondwa lilimo ndithu m'chiganizo chakecho. Ganizo lidanena za mtima, koma muyeso udayeza mawu. Amene sadalimvetse ganizolo sangauone mpata umenewu, ngakhale ataŵerenga nkhaniyo kasanu.

Padalinso mlandu wina. Anthuwo sadapemphedwe chilolezo chenicheni kuti ayesedwe, ndipo mu Julayi chaka chomwecho akonzi a PNAS adalengeza poyera kuti nkhaniyo ikuŵadetsa nkhaŵa. Pamenepo ayenera kuyamikidwa: magazini yodalirika imatumiza nkhani kwa akatswiri ena kuti aipime isanasindikizidwe, ndipo chikapezeka chokhota siibisa.

Ena alibe ulemu umenewu. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon adapeka kafukufuku wabodza wonena za mankhwala a khansa, wodzala ndi zolakwa zoonekeratu, nautumiza ku magazini 304 a pa intaneti amene amalipiritsa mlembi. Magazini 157 adaulandira. Kwa oterewo wolemba nkhani ndi kasitomala basi.

Choncho aphunzitsi asamangouza ophunzira kuti akafufuze pa intaneti, pakuti pa foni magazini yoona ndi yachinyengo zimaoneka mofanana. Mphunzitsi abwere ndi nkhani imodzi m'kalasi, aiŵerenge nawo, ndi kufunsa kuti adaipima ndani, adalipira ndani, ndipo chimene chidayezedwa n'chomwecho chimene olemba akunena kapena ayi. Nkhani ya Facebook njoyenera kuyambira: ili ndi masamba oŵerengeka chabe, ndipo imapezeka mwaulere.