Ulova wa mu Mzinda wa Lilongwe Umayambira Kumudzi

Aliyense wofika ku Kanengo m'mamawa amaona achinyamata ataima pa zipata za makampani kudikira ganyu. Ambiri mwa iwo sadabadwire mu mzinda. Ndi ana a ku Nambuma, Kabudula, Nsaru ndi madera ena ozungulira, ndipo ena ali ndi satifiketi ya Fomu 4 m'thumba.

Vutoli silidayambe dzulo. Pamene likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ntchito zomanga zidali zambiri, ndipo munthu wamphamvu zake sankagona ndi njala. Kalembera wa 1977 adapeza anthu pafupifupi 99,000 mu mzindawu, pamene wa 2018 adapeza oposa 989,000. Anthu adachuluka kakhumi, koma mafakitale sadachuluke chomwecho. Nayo njira yakale yopita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi TEBA idatsekeka m'chaka cha 1988.

Zotsatira zake tonse tikuziona. Wosowa ntchito yolembedwa amayamba kabaza kapena kugulitsa timalonda m'misewu, nkumagona m'kachipinda ka lendi ku Mtandire kapena ku Mgona. Ntchito zimenezi si zochititsa manyazi, koma ogulitsa akachuluka kuposa ogula, phindu limangokwanira ufa wa tsiku limodzi.

Nkosavuta kunena kuti achinyamatawa ndi aulesi ndipo abwerere kwawo. Ife sitikugwirizana ndi maganizo otere. Mnyamata wa ku Nambuma sachoka pamudzi chifukwa chodana ndi khasu. Munda wa agogo ake wagawidwa kwa ana ndi adzukulu mpaka watsala mizere yowerengeka. Mitengo ya katundu idakwera pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo feteleza ndi wovuta kumufikira. Mtedza ndi soya zimene walima amazigulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira. Kodi tikamuuza kuti abwerere, abwerere ku chiyani?

Akuluakulu akukumbukira ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, imene idayamba m'chaka cha 1968 ndi thandizo la World Bank. Idabweretsa misewu, mijigo, misika ndi ngongole za alimi kumadzulo kwa boma lino. Idali ndi zofooka zake, komabe idaonetsa kuti boma likatsimikiza mtima, chitukuko chimafika kumudzi.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, boma ndi eni chuma athandize magulu a alimi kukhazikitsa makina oyengera mafuta ophikira pa misika ngati Nambuma ndi Nsaru, kuti mtedza ndi soya zisamapite ku Kanengo pamodzi ndi ntchito zake. Chachiwiri, bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi sukulu za ntchito zamanja monga ya Namitete, zilandire ana ambiri a kumudzi, atsikana omwe, ndipo womaliza maphunziro athandizidwe kupeza zipangizo zoyambira. Mmisiri wopanda zida ndi lova ndithu. Chachitatu, mafumu ndi makolo apatse achinyamata malo a dimba akadali ndi mphamvu, osadikira kuti adzalandire munda wamasiye atakalamba.

Mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ya mzinda payokha singathetse ulova pothamangitsa mavenda m'misewu, pakuti wothamangitsidwa lero mawa abwera ndi mng'ono wake. Mzere wa pa zipata za Kanengo udzafupika pokhapokha mwana wa ku Nambuma atapeza chochita kwawo komweko.