Mabotolo awiri mu sirinji imodzi

Pali cizolowezi cimene cafala m'makola athu, ndipo ambiri ocicita ndi alimi akhama amene amakonda ziweto zao. Ng'ombe ikafooka ndi kuleka kudya, mlimi atunga oxytetracycline, uja ambiri timangomucha Terramycin, naonjezamo Pen-Strep mu sirinji yomweyo, ndi kulasa. Mukamufunsa, akuuzani kuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwo ndi woona pomanga nkhokwe, koma ine ndikuti pa mabotolo awiri amenewa utisoceretsa.

Maantibayotiki sagwira nchito mofanana. Penicillin amapha mabakiteriya pa nthawi imene akukula ndi kugawikana, pakuti amaononga khoma limene kacilomboko kakumanga. Oxytetracycline sakupha mwacindunji: amaimitsa kukula kwao, kuti thupi la ciweto limalize nkhondo lokha. Tsono taganizani za msampha wa khwekhwe. Umakola nyama yoyenda. Ngati wina waikhazika pansi nyamayo, msampha ungokhala. Ndimo mmene oxytetracycline angamangire manja penicillin, ndipo mlimi walipira mabotolo awiri kuti alandire nchito yocepa.

Zimenezi zinaonekera kale pa anthu. Mu 1951 madokotala awiri a ku America, Lepper ndi Dowling, analemba za odwala matenda oumitsa khosi. Mwa amene analandira penicillin yekha, omwalira sanafike gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwa 14 amene anapatsidwa penicillin pamodzi ndi mankhwala a banja la tetracycline, 11 anamwalira. Sindikunena kuti ng'ombe iliyonse yolasidwa msanganizowu idzafa. Zambiri zimacira, zina cifukwa mankhwala amodzi mwa awiriwo anali oyenera, zina cifukwa zikanacira ndithu. Coipa n'cakuti ulemu wonse umapita ku msanganizo, ndipo mnansi amatengera.

Wina adzati: nanga Pen-Strep yemweyo si mankhwala awiri? Nanga Septrin wa ku cipatala? Funsoli ndi labwino. Inde, alipo mankhwala amene amathandizana. Penicillin akaboola khoma, streptomycin amalowa mosavuta. Mu Septrin muli trimethoprim ndi sulfamethoxazole, zimene zimatseka njira imodzi ya kacilombo pa malo awiri, ndipo zinayezedwa gawo limodzi pa magawo asanu. Wodwala TB amayamba ndi mankhwala anai pamodzi. Koma misanganizo yonseyi inayesedwa zaka zambiri isanafike kwa ife, ndipo muyeso wake unaikidwa ku fakitale. Nayenso dokotala wa ziweto nthawi zina amapereka mankhwala awiri, koma amadziwa matenda amene akulimbana nao, ndipo kawirikawiri amalasa pa malo osiyana. Zimenezo n'zosiyana ndi kusanganiza pansi pa mtengo, moyerekeza ndi maso. Madzi a m'botolo lina angathe kuundanitsa a m'botolo linzake, ndipo zotere zikalowa m'mnofu zimasiya cotupa.

Cimene cimandidetsa nkhawa koposa n'cakuti botolo laciwiri limabisa funso loyamba: kodi ciwetoci cikudwala ciani? Cigodola ca ng'ombe, cobwera ndi nkhupakupa, sicicokera ku bakiteriya. Cili ndi mankhwala ake, monga buparvaquone, ndipo amathandiza akaperekedwa msanga. Masiku amene mlimi akusinthasintha maantibayotiki ndiwo masiku amene ng'ombe ikanapulumukira. Citopa ca nkhuku ndi vairasi. Makapisozi a anthu othiridwa m'madzi akumwa, awiri kapena atatu, sacita kanthu; coteteza ndi katemera.

Ndiye pali mkaka ndi nyama. Botolo lililonse lili ndi masiku olembedwa amene tiyenera kudikira tisanakame zogulitsa kapena kupha. Masikuwo anawerengedwa pa mankhwalawo ali okha, pa muyeso wolembedwa. Mukasanganiza, palibe pepala limene likuuzani tsiku lotetezeka. Mkakawo umamwedwa ndi ana athu ndi a anansi amene timapemphera nao, ndipo alipo anthu amene thupi lao limadana ndi penicillin ngakhale wocepa. Komanso mabakiteriya amene akumana ndi mankhwala awiri ocepekera n'kupulumuka amabala anzao osamva onse awiri, ndipo ena a iwo amadwalitsa anthu.

Ndidziwa kuti wa zaziweto amakhala kutali, ndalama n'zosowa, ndipo ng'ombe yogona pansi siyembekeza. Koma ngakhale zili tero, njira ilipo. Pimani kutentha kwa thupi ndi kuona zizindikiro, kenaka imbani foni kwa wa zaziweto wa m'dera lanu ndi kumufotokozera musanatsegule botolo. Yezani cifuwa ca ng'ombe ndi tepi kuti mudziwe kulemera kwake, pakuti ambiri timalasa muyeso wa thole pa nkhunzi. Perekani mankhwala amodzi, olembetsedwa ndi ZAMRA, ndipo mumalize masiku onse ngakhale ciweto cadzuka. Pakapita masiku awiri kapena atatu popanda kusintha, imbaninso foni. Mwina matendawo ndi ena. Ndipo m'buku lanu la pafamu, lija timalembamo za mbeu ndi feteleza, lembaninso dzina la mankhwala, muyeso, tsiku lolasa ndi tsiku loyambiranso kugulitsa mkaka.