Mapanga Athu Si a Atsamunda

Holide ya Ogasiti ikafika, Facebook imadzaza ndi zithunzi za mabanja ali pamwamba pa phiri, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwao kuli thanthwe. Zimenezo n'zabwino, pitirizani. Chimene chimandiwawa ndi mawu amene ena amalemba pansi pa chithunzi: "Tinakaona mapanga a nthawi ya atsamunda." Atsamunda ake ati? Anakumba ndi khasu liti?

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ine ntchito yanga ndi choko ndi bolodi. Asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, napha Nsingo. Tauni yathu ino anaitcha Fort Jameson. Mu 1964 mbendera yawo inatsika. Zaka 66 chabe, zosafika ngakhale pa msinkhu wa ambuya anga. Tsono ku Kalemba, m'boma la Chadiza, David Phillipson atakumba mu 1971 anapeza kuti anthu anali kukhala pansi pa thanthwe limenelo zaka zoposa 35,000 zapitazo. Ikani 66 pafupi ndi 35,000. Mwana wa Giredi 4 akhoza kukuuzani mwini nyumba ndani, wodutsa ndani.

Ife tinapita ku Katolola holide yapitayi, ine, ana anga awiri, mlongo wanga ndi alamu. Tinatuluka mu Kapata m'mamawa, titanyamula madzi, mbatata yophika ndi nthochi. Chitunda sichinatichitire chifundo, alamu anapuma katatu. Titafika, mwana wanga wamng'ono anangoti kakasi kuyang'ana ntchefu yaikulu yojambulidwa pa mwala. Alamu, akali wefuwefu, anati, "Azungu aja anali ndi luso, eti alamu?" Munthu woti anamaliza Giredi 12!

Sindiwaimba mlandu okha. M'makalasi mwathu ana amaloweza kuti Livingstone anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, koma afunseni za Thandwe, Mkoma kapena Makwe ku Katete, adzakufunsani ngati ndi mayina a mabawa. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira zija, n'za Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera zambiri n'za Achewa enieni, zokhudza Nyau ndi chinamwali. Ndiye kuti pa miyala imeneyi anamkungwi anali kuphunzitsa atsikana kalekale, bolodi lisanafike. Thanthwe linali kalasi.

Wina adzati, "Koma aphunzitsi, si azungu amene anatulukira malowa?" Analemba m'mabuku, inde, ndipo Phillipson tim'patse ulemu wake, anagwira ntchito yaikulu. Koma mlendo satulukira phanga limene abusa a mbuzi amabisalamo mvula chaka ndi chaka. Alipo amene anam'tsogolera, atamunyamulira katundu. Dzina la ameneyo simudzalimva.

Mwina mukuti ndikukokomeza nkhani ya mawu chabe. Ayi. Chinthu chimene ukuganiza kuti n'cha mwini suchisamala. N'chifukwa chake mnyamata amatola khala n'kulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake pamwamba pa chithunzi chimene chapirira dzuwa ndi mvula kwa mibadwo yosawerengeka. Chibwenzicho chidzatha Disembala isanafike, dothi lake lidzatsala. Kodi angalembe choncho pa manda a agogo ake? Lamulo lilipo, bungwe la National Heritage Conservation Commission limateteza malo amenewa, koma lamulo siligona kuphanga usiku.

Onani anzathu kuseri kwa Mwami. Ku Chongoni, kufupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zojambula za mtundu womwewu, za Akafula omwewa ndi Achewa omwewa, ndipo mu 2006 UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Akafula analibe pasipoti. Malire a pa Mwami sanawadziwe. Nanga bwanji kwao n'chuma, kwathu n'kopangira makala ndi kojambulira maselufi?

Amene mtima wake uli pa za atsamunda zenizeni asavutike. Apite ku Fort Young, kum'mwera kwa Chipata, akaone mabwinja. Kumeneko alembe "nthawi ya atsamunda" pansi pa chithunzi, sinditsutsa. Koma ngati wakwera kukafika ku Kalemba, ayambe walitchula dzinalo pang'onopang'ono, Ka-le-mba, kenako andiuze kuti ndi chizungu cha ku London kapena cha ku Cape Town.