"Anasankha yekha": sopo wosambila m'manja

Nthawi zonse ikamveka nkhani yakuti mnyamata wa mu Africa wafela ku nkhondo ya Russia na Ukraine, mau amene amafulumila kutuluka pakamwa pathu ni amodzimodzi: anasankha yekha. Timakamba zimenezi mu minibasi, pobeta mpila, ngakhale potuma foni ku wailesi, ndipo tikatelo timaona monga nkhani yatha. Ena amaonjezela kuti anali wadyela, anatsatila ndalama. Ena, maka-maka aja okonda ndale za maiko akutali, amamucha ngwazi. Onsewa agwilizana pa cinthu cimodzi, cakuti munthuyo anali na njila zambili patsogolo pake ndipo anatengapo imene anakonda. Ife tikana. Mau amenewa ni sopo amene olemba anthu usilikali amasambila m'manja, ndipo ife ndife timawatungila madzi.

Tiyambe na mwana wathu. Lemekhani Nyirenda anali na zaka 23. Anayenda ku Russia pa thandizo la boma kukaphunzila za mphamvu ya nyukiliya pa Moscow Engineering Physics Institute. Mu April 2020 khoti ya kumeneko inamupeza na mlandu wa mankhwala osokoneza bongo na kumugamula zaka 9 na miyezi 6. Mu August 2022 anamutulutsa m'ndende kuti akamenye nkhondo m'gulu la Wagner. Pa 22 September anafa ku Ukraine. Kucokela pa geti ya ndende kufika pa imfa panapita mwezi umodzi cabe.

Manje ikani pa sikelo zimene anamuikila patsogolo. Kumbali iyi, zaka zina 7 m'ndende ya dziko lozizila, uli munthu wakuda, kutali na amai ako. Kumbali inayo, miyezi 6 ku nkhondo, ndipo ukapulumuka mlandu wafafanizidwa. Umo ni mmene Yevgeny Prigozhin, mwini Wagner, anali kugulitsila katundu wake m'ndende za ku Russia, ndipo sanali kubisa kuti wothawa ku nkhondoko adzaombeledwa. Lemekhani atafa, Prigozhin anauza dziko kuti mnyamatayo anadzipeleka cifukwa coyamikila thandizo limene Russia inapeleka kwa anthu a mu Africa pomenyela ufulu. Amene anakamba zimenezo ni wolemba usilikali, mwini wake wa nkhani ali m'bokosi ndipo sangayankhe. Prigozhin yemweyo mu May 2023 anavomeleza kuti anatenga akaidi pafupifupi 50,000 ndipo mmodzi pa asanu alionse anafa. Munthu amene afuna asilikali okonda dziko sayambila ku ndende. Amayambila kumeneko cifukwa adziwa kuti wotsekeledwa savuta mtengo.

Sitikamba kuti aliyense wonyamula mfuti ananamizidwa. Kuli anthu amene amayenda ku nkhondo cifukwa nkhondo yawapeza pa khomo. Makolo athu adziwa. Mu March 1978 asilikali a Ian Smith anaukila Kavalamanja ku Luangwa, ndipo pa 19 October caka comweco ndeke zao zinaponya mabomba pa Chikumbi, pafupi na Lusaka yomwe ino. Mnyamata amene anavala yunifomu masiku amenewo sanafunikile munthu womufotokozela kuti mdani ndani, anali kumumva akuuluka pamwamba pa mtenje. N'cimodzimodzi na anthu a ku Kyiv amene anaima pa mizele mu February 2022 kupempha mfuti pamene akasinja a Russia anali kubwela ku mzinda wao. Aphunzitsi, oyendetsa matakisi, ana a sukulu za ukacenjede. Cifukwa cao n'comveka, ndipo ife tilibe pakamwa powanyozela.

Koma onani zimene zimacitika nkhondo ikatalika. Aja odzipeleka na mtima wonse amatha, ena m'manda, ena m'cipatala. Ukraine yomweyo mu April 2024 inatsitsa zaka zotengela amuna mokakamiza kucoka pa 27 kufika pa 25, kenaka inalola akaidi ena kulowa usilikali, ndipo mu 2025 inayamba kulonjeza mahryvnia 1 miliyoni kwa acinyamata a zaka 18 mpaka 24 amene asaina. Ku Russia, mzinda wa Moscow mu July 2024 unaika marubo 1.9 miliyoni kwa aliyense wosaina, kuonjezela pa malipilo a pa mwezi opitilila marubo 200,000. Dziko likayamba kukweza mtengo telo, ndiye kuti cikondi ca mbendela catha pa msika. Otsala ogulidwa ni aja a nkhongole, a kumidzi yakutali kumene kulibe nchito, na alendo.

Pamene ndalama yalephela, amagwila pa umuna. Mu 2023 unduna wa zacitetezo ku Russia unatulutsa kanema yoonetsa mlonda wa mu shopu, wophunzitsa maseŵela olimbitsa thupi na woyendetsa takisi, na kuwafunsa ngati umoyo umenewo ndiwo anali kulota, kuti ngati ni amuna enieni akasaine. Ku Britain mu 1914 atsikana anali kupatsa nthenga yoyela mwamuna aliyense wosavala yunifomu, kutanthauza kuti ni wamantha. Njila ni yakale iyi. Ndipo imagwila bwino pa ife, ife amene tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salila, ife amene timacita manyazi kupempha amai ndalama ya mabando a intaneti tili na ndevu.

Nkhani iyi si yacilendo kuno, kungoti tinaleka kuŵelenga zikwangwani. Tsiku lililonse timapita pa Burma Road na pa Arakan Barracks. Ku Ndola kuli Tug Argan na Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar. Palibe dzina la Cinyanja, Cibemba kapena Citonga pamenepo. Tug Argan ni mpata wa m'mapili ku Somaliland kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenyana na Ataliyana mu August 1940. Gondar ili ku Ethiopia. Arakan, Kalewa na mtsinje wa Chindwin zili ku Burma, dziko limene lelo amati Myanmar, kumene ambuye athu anamenyana na Ajapani m'matope na malungo mu 1944 na 1945. Mwana wa ku Katete kapena Petauke anali na mlandu wanji na Mjapani?

Mabuku a atsamunda anawalemba kuti odzipeleka. Koma kumbuyo kwa kudzipelekako kunali msonkho umene unali kufunika ndalama pamene m'mudzi munalibe ndalama. Kunali bwanamkubwa wa boma amene anali kuuza mfumu kuti ipeleke amuna, ndipo mfumu inali kudziwa nyumba zimene zilibe wozikambila. Kunali malipilo a mwezi na mwezi, nsapato, bulangete, cakudya cosasowa, na ulemu umene yunifomu inali kupeleka pamaso pa atsikana. Ena anangofuna kukwela sitima na kuona nyanja, zimenezo n'zoona, unyamata ni unyamata. Ife a pa wailesi tisadziyeletse: wailesi yoyamba ya boma mu Lusaka inatsegulidwa mu 1941 kuti izifalitsa nkhani za nkhondo yomweyo, ndipo nyuzipepa ya boma ya Mutende inali kugwila nchito imodzimodzi. Maikolofoni amene timanyadila anabadwila m'nchito yokometsela anthu nkhondo ya eni ake.

Nanga atabwelako? Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anafukula mu 2019 zionetsa kuti pa ndalama yotsanzikila, msilikali wamba wacizungu m'magulu a kum'maŵa kwa Africa anali kuŵelengeledwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikila, pamene wakuda anali kuŵelengeledwa atatu na hafu. Cipolopolo sicinasankhe khungu, koma kalaliki wolipila anasankha. Ambili a ife tili na cithunzi ca ambuye ovala mamendulo pa cipupa, ndipo tidziwa kuti anamwalila m'nyumba ya udzu.

Lelo mfumu na bwanamkubwa analoŵedwa m'malo na foni. Uthenga umabwela pa WhatsApp, Telegram kapena TikTok: nchito ya ulonda, ya udalaiva, ya kukhichini, tiketi ya ndeke ni yaulele, pasipoti ya Russia pakatha caka. Mbali ya pasipoti si bodza, Putin anasaina lamulo mu January 2024 lopatsa unzika alendo amene asaina kutumikila caka cimodzi. Cimene sakuuzani n'cakuti kucokela pa lamulo la 21 September 2022, mapangano a asilikali a Russia satha pa tsiku lolembedwa, amapitiliza mpaka boma litakamba kuti kwatha. Pepala lake lili m'Cirasha, ndipo usaina uli kale m'dziko lao, tiketi yobwelela ulibe. Nepal inafika poletsa nzika zake kukagwila nchito ku Russia na Ukraine mu January 2024 itaona mitembo. Mu November 2025 ofesi ya Pulezidenti Ramaphosa inalengeza kuti amuna 17 a ku South Africa, a zaka 20 mpaka 39, anali kulila thandizo ali ku Donbas, atakopedwa na malonjezo a nchito za ndalama zambili. Ni pafupi apa. Basi ya ku Johannesburg imanyamuka pa Intercity tsiku lililonse.

Tidziwa yankho limene ena a inu muli nalo, cifukwa timalimva mukomboni: kufa ni kufa, kuno njala, uko mfuti, bola uko ufa wasiyila amai ndalama. Sitikuseka. Munthu amene ali na satifiketi m'cikwama caka cacisanu, wa kaloba akugogoda, mwana akufuna yunifomu, saganiza monga munthu wokhuta. Taonani unyinji umene umathamangila mafomu nthawi iliyonse Zambia Army, ZAF na ZNS zikalengeza kuti zilemba anthu. Onsewo si kuti analota usilikali ali ana, ambili afuna cabe malipilo osadumpha mwezi. Palibe colakwa pamenepo. Msilikali wa Zambia ali pansi pa mbendela yathu na malamulo athu, ndipo olo atumidwe ku Central African Republic pansi pa United Nations, dzina lake lili m'buku, banja lake lidziwa ofesi yokagogoda.

Uyo wosaina ku gulu la eni ake alibe zimenezo. Ndalama ya imfa imene amalonjeza, ndani adzaitola? Amai ako a ku Chawama adzalemba kalata m'Cirasha? Adzasumila ndani, ku khoti iti? Wolemba usilikali amakonda mlendo pa cifukwa cimeneci. Mlendo akafa palibe mai wa ku Moscow amene alila pa TV, palibe voti imene itayika. Conco masamu aja akuti bola ufa wasiya ndalama ali na dzenje pakati, ndipo amene anakupatsa masamuwo aidziwa bwino dzenjelo.

Ndiye cifukwa cake mau akuti "anasankha yekha" amatikwiyitsa. Amatseka mafunso onse amene afunika kufunsidwa. Safunsa ejenti amene analandila komishoni pa mutu uliwonse. Safunsa dziko limene limatenga wophunzila wa dziko lina m'ndende na kumuika kutsogolo kwa mizinga osauza boma lake. Safunsa atsogoleli athu, a cipani ciliconse cimene calamulilapo, cifukwa cake mwana womaliza sukulu aona Donbas monga mwai. Mlandu wonse umagwela pa uja yekha amene sangadziyankhile.

Tifuna unduna woona za maiko akunja uzidziwa dzina la Mzambia aliyense amene ali m'ndende kunja, na kumuyendela, osati kudikila foni ya malilo. Tifuna unduna wa zanchito uziulutsa pa mawailesi onse, m'zinenelo zathu, maina a maejenti ololedwa kutumiza anthu kunja, kuti wosalembedwa aonekele. Ndipo ife a mawailesi a m'madela tileke kuŵelenga cilengezo ca "nchito kunja" ciliconse cifukwa cakuti mwini wake walipila mphindi ziŵili.

Pamene nduna Stanley Kakubo anauza mtundu za imfa ya Lemekhani pa 14 November 2022, anakamba kuti boma lathu linadziwitsidwa pa 9 November. Mnyamatayo anali atafa masiku 48 kumbuyoko, ndipo thupi lake linafika pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mu December.