Tisamangomuuza Mwana Kuti "Chita Bwino"



Lachisanu lililonse timaziona pamalo opangira wudhu. Mwana wanyowetsa malaya onse koma chigongono chili chouma. Wamkulu wina amukalipira kuti, "Chita bwino iwe!" Mwanayo sadziwa pomwe walakwitsa, ndipo sabata yotsatira amazemba. Ife tikuti cholakwa ndi chathu akuluakulu, chifukwa sitinamupatse cholinga choti achione ndi maso.

Kuno kwa Khwethemule nkhaniyi si yachilendo. Munthu akayamba kuthyola tiyi ku esiteti amauzidwa chinthu chimodzi: masamba awiri ndi kansonga. Zala zikazolowera, liwiro limabwera lokha ndipo dengu limayamba kudzadza.

Akatswiri a maphunziro anapezanso zomwezi. Mu 1967 Paul Fitts ndi Michael Posner anafotokoza kuti luso la thupi limadutsa magawo atatu. Poyamba munthu amaganizira chiwalo chilichonse ndipo amalakwitsa kwambiri. Kenako zolakwa zimachepa. Pomaliza thupi limachita lokha. Edwin Locke ndi Gary Latham nawonso anaonetsa kuti cholinga chomveka bwino chimathandiza kuposa kungouza munthu kuti ayesetse.

Chipembedzo chathu chinatiphunzitsa kale. Hadith yomwe ili m'buku la Abu Dawud imatchula zaka 7 kuti mwana ayambe swala, ndi zaka 10 kuti aumirizidwe. Ambirife timathamangira zaka 10 ndi kamtengo m'manja, n'kuiwala zaka zitatu zapakatizo. Tikawerengetsa swala zisanu patsiku, ndi swala zoposa 5,000 zoti mwana ayeserere. Kodi tinaima naye pa zingati?

Ena amati kuphunzitsa pang'onopang'ono kumalemetsa ana ulesi. Koma cholinga chabwino sichikhala chophweka, chimangokhala chimodzi. Sabata ino madzi afike m'zigongono. Sabata yamawa msana uwongoke pa rukuu. Kumadrasa alembe ba, ta ndi tha, madontho ali m'malo mwake, asanapatsidwe mzere wonse. Akakwanitsa timuuze chenicheni chomwe wakhoza.

Tikupempha komiti iike ndowa ndi kabenchi kakafupi ka ana pamalo a wudhu. Inu a Fomu 3 ndi 4, aliyense atenge mng'ono wake mmodzi Lachisanu. Makolo, musanapite kuntchito m'mawa mufunseni mwana cholinga chake cha sabatayo, ndipo madzulo akuonetseni.

Allah atipatse kupirira pa ana athu.